Chifukwa chake timati "She looks happy", osati "happily"

Ophunzira ambiri akangomva kuti muonjezi wa Chingerezi amakonda kuthera ndi -ly, amayamba kumata -ly paliponse. Ndiye umapeza munthu walemba kuti "The flower smells sweetly", iye n'kumaona ngati wakhoza. Vuto lake n'loti aneni ena sanena za ntchito ayi.

Taonani chiganizo ichi: "Her brother is a pilot." Palibe chimene mchimweneyo akumuchita woyendetsa ndege. Iyeyo ndiye woyendetsa ndegeyo, munthu mmodzi yemweyo. Mneni "is" wangolumikiza mwininkhani ndi mawu omulongosola, monga amachitira "ndi" tikamati "mwanayu ndi wanzeru". Mneni wotere amatchedwa linking verb, ndipo mawu obwera pambuyo pake ndiwo subject complement. Kawirikawiri amakhala dzina kapena mfotokozi.

"Be", "become" ndi "seem" savuta. Amene amasokoneza ndi aneni monga "look", "feel", "smell", "taste" ndi "sound", chifukwa amagwira ntchito ziwiri. Mu "She looked angry", mkwiyo uli pankhope pa mayiyo, ndiye pafunika mfotokozi. Mu "She looked angrily at him", mayiyo akuyang'anadi munthu, ndipo "angrily" akufotokoza kayang'anidwe kake. Duwa lija nalonso silinunkhiza kanthu, lilibe mphuno. Limangonunkhira, choncho timati "smells sweet".

Njira imene ndimaphunzitsa ndi yapafupi: chotsani mneniyo, muikepo "is" kapena "are". Ngati chiganizo chikumvekabe, mneniyo ndi wolumikiza. "The music sounds loud" ikhala "The music is loud", zili bwino. Koma "He sounded the alarm" ikhala "He is the alarm", zomwe n'zoseketsa. Apa "alarm" ndi pamtherankhani. N'chifukwa chakenso titha kutembenuza n'kunena kuti "The alarm was sounded", pomwe "A pilot was become by him" palibe anganene.

Nanga "It is I" ndi "It's me"? Mabuku akale a malamulo a chilankhulo amalimbikira "I", ati poti mlowam'maloyo akuimira mwininkhani. Eni chilankhulocho akamacheza amangoti "It's me", ndipo ine sindimudula malikisi wophunzira amene walemba choncho pa zokambirana za anthu m'nkhani. Kungoti m'kalata ya kuntchito, chiganizo choterocho ndi bwino kuchikonza mwanjira ina.