Adyo ndi mandimu sizichiza TB

M'magulu a WhatsApp mumabwerabwera uthenga wonena kuti kumwa adyo, mandimu ndi jinja kumalimbitsa chitetezo cha m'thupi mpaka kugonjetsa TB. Izi si zoona. M'mapapo muli maselo otchedwa macrophage amene amameza tizilombo n'kutisungunula, koma kachilombo ka TB kakamezedwa kamatsekereza timatumba ta asidi ta m'selomo, timene timasungunula tizilombo, kuti tisakafikire, ndipo kamaswana m'kati mwa selo lomwelo. N'chifukwa chake wodwala amafunika kumwa mankhwala a kuchipatala kwa miyezi 6 osadumphitsa.

Uthenga wotere ukakupezani, onani ngati ukutchula kumene wachokera, kenako funsani azaumoyo. Amene wakhala akukhosomola milungu iwiri apite akayezetse makhololo. Chonde, musautumizenso kwa anzanu.