Palibe chifukwa chotsegulira port 3306 kuti muone database yanu

Pakati pa anyamata athu opanga mawebusaiti kuno ku Harare pali maganizo amene akhalitsa. Akuti database ikakhala pa seva yakutali, njira n'ziwiri zokha: kuika phpMyAdmin, pulogalamu yoonera database pa browser, kapena kutsegula port 3306, khomo lolowera mu database ya MySQL, kuti muzilowa muli kulikonse. Sabata yatha mphwanga wina wa ku Mbare anandionetsa laputopu yake, ndipo ndinapeza MySQL ya kasitomala wake ili poyera, mayina ndi manambala a foni a ogula onse ali momwemo. Zinandiwawa kwambiri.

Njira ina ilipo. Mapulogalamu oonera database monga DBeaver, HeidiSQL ndi MySQL Workbench amatha kudutsa pa SSH, njira yotetezeka yolowera pa seva yakutali, pa port 22 imene mumalowera kale pa sevayo. Database imangomvera pa 127.0.0.1, kutanthauza mkati mwa sevayo mokha, koma pulogalamu yanu imaiona ngati ili pakompyuta panu pomwepo, ndipo zonse zimayenda zobisika. Ndi PostgreSQL, mtundu wina wa database, n'chimodzimodzi, kungoti port yake ndi 5432. Koma khomo la database likasiyidwa lotsegula, makina ofufuza pa intaneti amalipeza msanga n'kuyamba kuyesa mapasiwedi usana ndi usiku.

phpMyAdmin si yoipa ayi, yakhala ikuthandiza anthu kuyambira 1998. Vuto lake n'loti imatsatira malire a PHP, chilankhulo chimene inalembedwamo, ndipo upload_max_filesize, malire a kukula kwa fayilo imene mungatumize, mukapanda kuisintha imakhala 2MB, choncho fayilo yaikulu imakana kulowa. Ntchito yolemera ngati backup muziichitira pa seva pomwepo ndi mysqldump, pulogalamu yokopera database, mkati mwa tmux, imene imasunga ntchito ikuyenda ngakhale inu mutachoka. Magetsi akakuthimirani kunyumba, ntchitoyo imapitirirabe kumeneko, ndipo mukalowanso mumaipeza itatha.