Zolemba za pa makoma a sukulu ya ku Yahidne

Mudzi wa Yahidne uli m'chigawo cha Chernihiv, kumpoto kwa dziko la Ukraine, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Kyiv. Asilikali a Russia analowa m'mudziwu pa 3 Malichi 2022, patangotha sabata imodzi chiyambireni nkhondo. Sukulu ya m'mudzimo anaisandutsa likulu lawo, kenako n'kuyamba kutulutsa anthu m'nyumba atawaloza ndi mfuti, kukawatsekera m'zipinda zapansi pa nthaka za sukuluyo. Asilikali pamwamba, anthu wamba pansi. Cholinga chinali choonekeratu: asilikali a Ukraine asayerekeze kuphulitsa nyumbayo poopa kupha abale awo.

Anthu oposa 300 anapanikizana pamalo osakwana masikweya mita 200. Wamng'ono mwa onse anali khanda la mwezi umodzi ndi theka, wamkulu anali ndi zaka 93. Ambiri ankagona chokhala, poti poyala thupi panalibe. Chimbudzi chinali ndowa. Mpweya unkachepa mpaka okalamba n'kuyamba kubwebweta, ndipo anthu 10 anamwalira momwemo. Nthawi zina mtembo unkakhala pakati pa amoyo, ana akuona, kudikira kuti asilikali alole kukauika.

Mafoni analandidwa. M'kachisisira ka pansipo usana ndi usiku zinkangofanana, choncho wina anajambula kalendala pafupi ndi chitseko n'kumawerengera masiku. Kenako anayamba kulemba mayina a akufa ndi tsiku limene aliyense anatsikira kuli chete: mbali ina ophedwa kunja, mbali ina omwalirira m'chipindamo. Amene ankalembayo sankadziwa ngati atuluke wamoyo, koma anafuna kuti wodzatsegula chitseko adzapeze kuti uje ndi uje analipo, ndipo anafa tsiku lakuti. Ananso, pofuna kuiwalako mantha ndi njala, anajambula zithunzi zawo pa makoma omwewo. Ine chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zojambula za ana ndi mayina a akufa zili m'nyumba imodzi, zinalembedwa masiku omwewo, ndi anthu opuma mpweya umodzi woipawo.

Kumapeto kwa Malichi, patatha pafupifupi mwezi wathunthu, asilikali a Russia anachoka m'deralo ndipo anthu anatuluka, ambiri n'kupeza nyumba zawo zaphwasulidwa ndi kubedwa.

Zaluso zokumbukira nkhondoyi zilipo zambiri. Mu Novembala 2022 katswiri wa ku Britain, Banksy, anajambula zithunzi pa mabwinja a ku Borodyanka, tauni ya kufupi ndi Kyiv, ndi madera ena, dziko lonse n'kutembenukira kumeneko. Anachita bwino ndithu. Koma iye anabwera zinthu zitachitika kale. Za ku Yahidne zinajambulidwa ndi eniake, zoopsazo zili mkati, popanda woganiza kuti padzabwera kamera. N'chifukwa chake ndikugwirizana ndi amene akufuna kuti zipindazo zisungidwe mmene zilili, zikhale malo a chikumbutso, ngakhale ndikumvetsa kuti kwa ena amene anavutikiramo kungoona nyumbayo n'kutosa chilonda. Kupaka penti pa makomawo kungakhale kufufuta umboni umene anthu analemba ali pakamwa pa imfa.

Pa 3 Epulo 2023 Pulezidenti wa Ukraine, Volodymyr Zelensky, anatsikira m'zipindazo limodzi ndi Robert Habeck, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa boma la Germany. Mu Malichi 2024 khoti la ku Chernihiv linagamula kuti asilikali 15 a Russia akhale m'ndende zaka 12 aliyense chifukwa cha zimene anachita ku Yahidne. Mlanduwo unazengedwa iwo kulibe, ndipo tsiku la chigamulo panalibe ngakhale mmodzi amene anali m'manja mwa boma la Ukraine.