Chifukwa chimene woyenda yekha m'tchire la Tete amayamba wafika kwa mfumu

Ife okulira ku Angónia, kumene mbatata ya kachewere imabereka bwino ndipo mwezi wa Juni umafuna bulangeti, timadabwa tikatsikira ku Moatize n'kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, chifukwa dziko limene timalipeza kutsidyako silifanana ndi lathu ngakhale chigawo n'chimodzi, cha Tete m'dziko la Mozambique. Ku Changara, ku Chitima ndi ku Mágoè kumamera tsanya, milambe ndi masawu, mitsinje yambiri imakhala mchenga wokhawokha kwa miyezi yochuluka, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Si chipululu chenicheni, koma kuuma kwake kumakopa alendo obwera pa magalimoto okoka ndi matayala onse anayi, ena ali okhaokha, atamanga tenti padenga ndiponso atanyamula zigubu za madzi ndi za dizilo, kufunafuna malo amene iwo amati n'ngopanda anthu. Eni dziko amawauza zinthu ziwiri: asapatuke pa mkukuluzi wa matayala a anzawo, ndipo asamange msasa asanaonekere kwa mfumu kapena nyakwawa. Ena amaona ngati malangizowa n'ngongovutitsa, pomwe onse awiri ali ndi mbiri yaitali.

Njira za m'derali n'zakale kuposa galimoto. Amalonda a Chiswahili ankafika kuno kudzagula golide ndi minyanga Apwitikizi asanakhazikike ku Tete m'zaka za m'ma 1530, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 kudatsegulidwa msika ku Zumbo, pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Pakati pa malo awiriwa padali mathithi oopsa m'chigwa chopanikizika cha miyala, moti opalasa mabwato ankatsitsa katundu n'kumupereka kwa amtengatenga kuti amusenze mpaka ku Chicoa. Ambiri amamasulira dzina la mathithiwo lakuti Cahora Bassa kuti ndi pamene ntchito imathera, pakuti basa m'Chinyungwe ndi ntchito. Aulendo a nthawi imeneyo ankayenda m'magulu aakulu, ndipo akalowa m'dziko la mfumu iliyonse ankatumiza mthenga ndi nsalu kapena mikanda kuti apemphe njira. Apwitikizi Francisco de Lacerda mu 1798, komanso Monteiro ndi Gamitto mu 1831, ponyamuka ku Tete kupita kwa mfumu Kazembe m'dziko limene lero ndi Zambia, adadutsa m'maiko a Amaravi, makolo athu, ndipo adayenera kukambirana ndi mafumu a m'njira monsemo. Imeneyi idalinso nyengo ya Achikunda, asilikali a eni minda ikuluikulu yotchedwa prazo, amene ankasaka njovu ndi kugwira anthu ukapolo. M'dziko lotere, moto wa mlendo wosadziwika ukaoneka kuthengo usiku, mudzi sunkagona tulo, ndipo kudzionetsa kwa mfumu kudali kunena poyera kuti sunabwere ndi nkhondo.

Nkhani ya David Livingstone ndi yofunika kwa aliyense wokonda kudalira mapu. Potsika ndi Zambezi mu 1856 iye adalambalala chigwa cha mathithi chija, ndipo ngakhale adamva za mathithiwo adawayesa aang'ono, n'kukauza anthu a kwawo kuti mtsinjewu ungakhale msewu wa sitima. Atabwerera mu 1858 ndi sitima yotchedwa Ma Robert, adakwera miyala yotentha ija wapansi n'kudzionera yekha zimene opalasa mabwato ankadziwa kalekale. Kulephera kumeneko ndiko kudamutembenuzira ku Shire mpaka kukafika ku nyanja ya Malawi mu 1859.

Misewu yafumbi imene lero timaitcha mapikada idachuluka m'nthawi ya atsamunda, ndipo yambiri idalambulidwa ndi makasu a anthu ogwidwa chibalo, kuti ilumikize maofesi a boma ndi misika ya thonje. Galimoto yoyamba imene midzi yambiri idaiona idali ya wokhometsa msonkho kapena ya wolemba anthu ntchito yokakamiza.

Koma chimene chidasintha kwambiri kayendedwe m'tchireli ndi damu ndi nkhondo, zimene zidadza nthawi imodzi. Frelimo, yomenyera ufulu wa Mozambique, idatsegula nkhondo m'chigawo cha Tete mu 1968, ndipo chaka chotsatira ntchito yomanga damu la Cahora Bassa idayamba pafupi ndi Songo. Khoma lake, lotalika mamita 171 kupita m'mwamba, lidatseka mtsinje kumapeto kwa 1974, ndipo madzi adabwerera m'mbuyo mtunda woposa makilomita 200, n'kumiza minda ya m'madimba, manda ndi njira zakale za m'mbali mwa mtsinje. Anthu zikwizikwi adasamutsidwira m'midzi yokakamiza imene asilikali ankailondera, ndipo munthu wopezeka kunja kwa midziyo ankayesedwa mdani. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda adapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo ku Mucumbura anthu adali ataphedwa kale chaka cha m'mbuyo mwake. Pofuna kuteteza damulo, Apwitikizi adakwirira mabomba m'mizere yaitali mozungulira Songo, asilikali a Rhodesia adakwirira ena m'malire, ndipo omenyera ufulu nawonso ankatchera m'misewu yodutsa magalimoto a adani awo.

Ufulu wa 1975 sudabweretse mpumulo wokhalitsa. M'nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, magalimoto a pa msewu wochokera ku Cuchamano kudzera ku Tete mpaka ku Zóbuè ankayenda pamdipiti moperekezedwa ndi asilikali a Zimbabwe, ndipo panalibe dalaivala wanzeru amene akadayerekeza kuyenda yekha. Ambiri a ife tidathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, m'gulu la anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene Malawi adawasunga. Titabwerera pambuyo pa pangano la mtendere la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992, tidapeza njira zitamera thengo, ndipo phunziro loyamba kwa mwana aliyense lidali lakuti ponda pamene mnzako waponda. Pansi pa mtengo wamthunzi, pachitsime, pa nyumba yogumuka ndi pamphambano, malo amene wapaulendo wotopa amawakonda, ndi pamene pankakhala poopsa koposa. Ntchito yochotsa mabomba idatenga zaka zoposa makumi awiri. Bungwe la HALO Trust lokha lidachotsa oposa 170,000 m'dziko lonse, ndipo mu Seputembala 2015 boma lidalengeza kuti minda yonse ya mabomba yodziwika yatha. Imeneyi idali nkhani yosangalatsa zedi, komabe mkulu amene adaika m'manda mbale wake wophedwa ndi bomba akakuuzani kuti musadutse apo, ine ndimaona kuti n'koyenera kumumvera popanda kumuonetsa chikalata cha boma.

Mtendere udadza ndi alendo amtundu wina. Chapakati pa zaka za m'ma 1990, ku Bawa m'boma la Mágoè kudayamba ndondomeko ya Tchuma Tchato, kutanthauza chuma chathu, imene cholinga chake chidali chakuti midzi izilandirako gawo la ndalama zochokera kwa osaka nyama olipira, ndiponso kuti anthu a m'midzimo azilondera okha nyama ndi nkhalango. Lamulo la malo la 1997 lidavomereza ufulu wa midzi pa malo amene yakhala ikugwiritsa ntchito mwa mwambo, ndipo mu 2000 boma lidazindikiranso udindo wa mafumu. Mu 2013 mbali ina ya dera lomweli idasanduka paki ya Mágoè, ya kukula pafupifupi masikweya kilomita 3,500, kum'mwera kwa nyanja ya damu. Pa zaka zomwezi anthu aona odula mitengo, ofufuza miyala ya mtengo wapatali ndi opha njovu mozemba akufika pa magalimoto a mtundu womwewo, ndipo adamva za anzawo a ku Moatize amene adasamutsidwira ku Cateme kuti migodi ya malasha ipeze malo. Choncho Land Cruiser ikaima pansi pa mlambe dzuwa likulowa, mwini wake ali ndi kachipangizo ka GPS m'manja, funso lakuti wabwera kudzatani silichokera m'mtima woipa.

Mwambowo pawokha n'ngosavuta. Mlendo amaimika galimoto chapatali, amafunsa kwa mfumu, amakhala pansi, amapereka moni n'kunena kumene wachokera, kumene akupita ndi masiku amene akhale. Kamphatso monga shuga, mchere kapena sopo kamalandiridwa ndi manja awiri. Zimene amabwezeredwa sizipezeka pa mapu alionse. Amauzidwa nkhalango ya manda ndi malo a mizimu ya mphondolo, imene Atawara ndi Anyungwe amailemekeza ngati yosunga dziko ndi mvula, kumene sikuloledwa kudula mtengo kapena kusonkha moto. Amauzidwa njira imene njovu zimatsikira kukamwa madzi usiku, gombe limene kuli ng'ona, ndi pamene angafukule mchenga n'kupeza madzi. Amachenjezedwanso kuti asagone pakati pa mtsinje wouma mvula ikayandikira, chifukwa mitsinje monga Luenha ndi Mazowe imachokera kutali ku Zimbabwe ndipo ingathe kudzaza kuno kusanagwe ngakhale dontho.

Akuluakulu adati kuyenda awiri si mantha, ndipo amene wasankha kuyenda yekha mtunda wonga wa ku Zumbo kudzera ku Fíngoè, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Tete, amadziwa kuti netiweki ya foni imasowa kwa maola ambiri. Angathe kuphwetsako matayala kuti adutse pamchenga, angathe kunyamula fosholo, jeke ndi matayala awiri apadera, koma galimoto ikatitimira mpaka pamimba mumtsinje, amene amabwera ndi ng'ombe, zingwe ndi nthambi za tsanya zoyala pansi pa matayala ndi anyamata a m'mudzi uja adapereka moni dzulo lake, ndipo mfumu ndiyo imawatuma ikaona kuti tsiku limene mlendo adanena kuti adzadutsanso lapita.