Mmene kanema wa analogi anazimitsidwira, ndi amene analipira mtengo wake

Pa 17 Juni 2025 panakwana zaka khumi chidutsireni tsiku limene maiko a ku Africa, Europe ndi Middle East anapangana kuti nyengo yosinthira kuchoka ku njira yakale youlutsira kanema ya analogi kupita ku njira yatsopano ya dijito idzakhale itatha. Komabe miyezi itatu m'mbuyo mwake, khoti lalikulu la ku Pretoria linali litangoletsa boma la South Africa kuzimitsa makina a analogi pa 31 Malichi monga linakonzera. Amene anakasuma, omwe ndi kampani youlutsa kanema ya e.tv pamodzi ndi mabungwe olankhulira owonera, anati mabanja ambiri osauka, amene alibe dikoda kapena dishi, adzatsala opanda kanema ndi nkhani zomwe. Boma nalo linali ndi mfundo yake, yakuti ntchito imene inayenera kutha mu Novembala 2011 singapitirire kuzengerezedwa mpaka kalekale. Mkangano wotere wachitikapo pafupifupi m'dziko lililonse limene lasintha kaulutsidwe, ndipo kuti umveke bwino m'pofunika kufunsa chimene chinachititsa maboma kukakamiza anthu kusiya makanema amene ankagwira bwino ntchito.

Yankho limene owonera ankapatsidwa linali lakuti dijito imabweretsa chithunzi chowala, mawu omveka bwino ndi matchanelo ambiri. Zimenezi n'zoona. M'njira ya analogi, tchanelo chimodzi chinkadya chokha gawo lonse la mafunde, lokwana 8 MHz (MHz ndi muyeso wa mafunde) ku Europe ndi ku Africa kapena 6 MHz ku America, ndipo magawo oyandikana nalo ankasiyidwa opanda kanthu poopa kuti nsanja zoulutsira zingasokonezane. Dijito imasandutsa chithunzi kukhala manambala n'kutaya zonse zimene sizinasinthe pakati pa chithunzi china ndi chinzake, motero gawo lomwelo limanyamula matchanelo anayi kapena asanu ndi limodzi, ndipo ndi luso la masiku ano limatha kufika pa 20. Koma apa pomwe pali phindu lina limene silinkatchulidwa kwambiri pa zidziwitso zopita kwa anthu: matchanelo akapanikizidwa pamodzi, mafunde ambiri amatsala, ndipo mafunde amenewo amayenda mtunda wautali, amadutsa makoma, ndiye makampani a mafoni a m'manja amawafuna ndi ndalama zambiri.

Palinso kusiyana kwina kumene munthu wokhala kutali ndi nsanja amakudziwa bwino kuposa katswiri. Analogi ikafooka, chithunzi chimachita timadontho ngati mchenga, mawu amachita phokoso, koma wowonera amathabe kutsatira mpira kapena nkhani za madzulo atatembenuza eriyo pang'ono. Dijito ilibe zapakatikati. Mafunde akatsika pang'ono, nkhope ya wowerenga nkhani imaduka m'timabokosi, imauma ili kukamwa yasa, mawu amadukaduka, kenaka galasi lonse limada. Nyumba imene kwa zaka zambiri inkawonera chithunzi chosaoneka bwino inkatha kupezeka ilibiretu chithunzi ngakhale itagula dikoda, mpaka itagulanso eriyo yatsopano ndi kuikweza pamwamba.

Chiyambi cha nkhaniyi chili ku United States cha m'ma 1986 ndi 1987, ndipo n'chodabwitsa kuti dijito panalibepo. Makampani opanga mawailesi olankhulirana, monga Motorola, ankapempha FCC, bungwe la boma loyang'anira mafunde, kuti iwapatse matchanelo a UHF (limodzi mwa magulu a mafunde oulutsira kanema) amene eni mawailesi a kanema sankawagwiritsa ntchito. Eni mawailesiwo anayankha kuti matchanelowo adzafunika pa kanema wa chithunzi chapamwamba, amene bungwe loulutsa mawu ndi kanema la NHK la ku Japan linali litapanga kale, ndipo kumayambiriro kwa 1987 anakaonetsa luso la ku Japanlo ku Washington. Atolankhani amene anacheza ndi anthu omwe analipo nthawiyo amaona ngati chimenechi chinali chiphamaso chotetezera mafunde, pamene akatswiri a zamakina amagogomezera mantha amene andale anali nawo akuti Japan ilanda msika wonse wa zipangizo zamagetsi. Mafotokozedwe awiriwa satsutsana kwenikweni, koma loyambalo ndi limene likugwirizana kwambiri ndi zimene zinachitika pambuyo pake. FCC inaimitsa pempho la mawailesi olankhulirana n'kukhazikitsa komiti, yotsogoleredwa ndi Richard Wiley, yosankha njira yatsopano youlutsira. Mu Juni 1990 kampani ya General Instrument inapereka njira ya dijito yokhayokha, chinthu chimene ambiri ankati sichingatheke pa gawo la 6 MHz, ndipo opikisana nayo ambiri anatsatira posakhalitsa.

Zaka zotsatira zinatha ndi makomiti. America inavomereza njira ya ATSC mu Disembala 1996, Europe inapanga DVB-T, Japan inapanga ISDB-T imene Brazil inaitenganso, ndipo China inabwera ndi DTMB. Mwayi woti dziko lonse lapansi likhale ndi njira imodzi unatayika monga unatayikira pa nthawi ya kanema wamitundu. Owonera nawo sanatekeseke. Ku Britain kampani ya kanema wa dijito wolipira ya ONdigital, imene inayamba mu Novembala 1998 n'kudzasintha dzina kukhala ITV Digital, inagwa mu 2002, ndipo dijito inayamba kufala pokhapokha Freeview itabwera mu Okutobala chaka chomwecho ndi matchanelo osalipira. Ku America lamulo la 1997 linati analogi izimitsidwe kumapeto kwa 2006, koma linaika chotchinga chakuti m'dera lililonse nyumba 85 pa 100 zilizonse zikhale zitakonzeka kaye. Popeza anthu sankaona chowathamangitsa kugula zipangizo, chiwerengerocho sichikanafikidwa msanga, ndipo mawailesi anapitiriza kusunga magawo awiri a mafunde aliyense, limodzi la analogi ndi lina la dijito. Mzinda wa Berlin unasonyeza mu Ogasiti 2003 kuti kuzimitsa n'kotheka, koma kumeneko anthu ochuluka ankawonera kale kudzera pa kebulo ndi setilaiti.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 2006, chifukwa m'chaka chimenecho maboma analeka kudikira owonera n'kuika masiku osayembekezera munthu. Mu Febuluwale, Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lofafaniza chotchinga cha 85 pa 100 chija n'kuika 17 Febuluwale 2009 kukhala tsiku lomaliza. M'pofunika kuona kuti mfundoyi inali m'kati mwa lamulo lochepetsa kuperewera kwa ndalama za boma, osati lamulo la zoulutsa mawu. Panalinso chifukwa china chomveka, chakuti apolisi ndi ozimitsa moto anavutika kulankhulana pa 11 Seputembala 2001 ndipo anafunika mafunde awoawo, koma gawo lalikulu linali lopita ku okushoni. Malondawo atachitika kumayambiriro kwa 2008, anabweretsa ndalama zoposa madola 19 biliyoni, zambiri zochokera ku makampani a mafoni a Verizon ndi AT&T.

Miyezi ingapo pambuyo pa lamulo la ku America, msonkhano wa ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde ndi kulumikizana, ku Geneva, umene unatha pa 16 Juni 2006, unagawa mafunde pakati pa maiko oposa 100, kulowa m'malo mwa mapangano akale a ku Stockholm a 1961 ndi a ku Geneva a 1989. Anthu ambiri amanena kuti panganoli linalamula maiko kuzimitsa analogi pofika 17 Juni 2015, koma mawu ake sakutero ndendende. Chimene linanena n'chakuti tsikulo likadzadutsa, nsanja ya analogi sidzakhalanso yotetezedwa ngati dijito ya dziko loyandikana nalo iisokoneza, ndipo nayo sidzaloledwa kusokoneza anzake. Maiko ena anapatsidwa mpaka 17 Juni 2020 pa gulu lina la mafunde lotchedwa VHF. Chilango panalibe, n'chifukwa chake maiko ambiri anaphonya tsikulo popanda chowachitikira. Ngakhale zinali choncho, tsikulo linkalengezedwa kwa anthu ngati khoma losasunthika, ndipo mabanja ambiri anathamangira kukagula madikoda chifukwa cha mantha amenewo.

Zimene zinachitika ku America m'masabata omaliza zikuonetsa bwino kumene katunduyo anagwera. Boma linapatula madola 1.5 biliyoni kuti nyumba iliyonse yopempha ilandire makuponi awiri a madola 40 ogulira kabokosi kosinthira mafunde. Kuponi iliyonse inkatha mphamvu pakapita masiku 90, ndipo malamulo oyamba sankalola kupemphanso ina. Munthu wachikulire amene analandira envulopu yake, n'kuisunga m'kabati podikira mwana wake kuti adzamuperekeze kusitolo, ankapeza kuti yasanduka chabe. Kumayambiriro kwa Januwale 2009 ndalamazo zinafika pamapeto pake, ndipo opempha atsopano anayamba kulembedwa pa mndandanda wodikira, kutatsala masabata asanu ndi limodzi okha. Kampani ya Nielsen, yochita kafukufuku wa owonera kanema, inawerengera kuti nyumba pafupifupi 6.5 miliyoni zinali zosakonzeka ngakhale pang'ono, ndipo kusakonzekako kunali kwakukulu pakati pa anthu akuda ndi olankhula Chisipanishi. Chiwerengerochi chiyenera kuwerengedwa mosamala, popeza nyumba inkaonedwa ngati yokonzeka ikakhala ndi kanema mmodzi yekha wolandira dijito, ndipo sichinkayeza ngati eriyo ya panyumbapo idzakokedi mafunde atsopanowo. Nyumba ya malamulo inasuntha tsikulo kufika pa 12 Juni n'kuwonjezera madola 650 miliyoni. Otsutsa kusunthaku ankati kungosokoneza anthu amene anauzidwa tsiku limodzi kwa zaka zitatu, ndipo anali ndi mfundo, pakuti mawailesi mazana angapo anazimitsabe mu Febuluwale. Koma pofika Juni nyumba zosakonzeka zinali zitatsika kufika pa 2.8 miliyoni, zomwe zikusonyeza kuti anthuwo sankakana kusintha, ankangosowa nthawi ndi thandizo.

Britain inayenda dera ndi dera, kuyambira ku Whitehaven mu Okutobala 2007 mpaka ku Northern Ireland pa 24 Okutobala 2012, ndipo okalamba a zaka 75 kupita m'tsogolo komanso olumala ankatha kutumiziridwa munthu wodzawalumikizira zipangizo kunyumba. Japan inazimitsa pa 24 Julayi 2011, kupatula zigawo za Iwate, Miyagi ndi Fukushima zimene zinasakazidwa ndi chivomezi ndi madzi osefukira, zomwe zinapatsidwa mpaka Malichi 2012.

Ku Africa tsiku lomwelo la 2015 linagwera maiko amene chuma chawo chinali chosiyana kwambiri ndi cha ku Europe. Nthawi yambiri inatha posankha njira, mpaka nduna za maiko a SADC zinagwirizana pa DVB-T2, mtundu watsopano wa njira ya ku Europe ija, mu Novembala 2010, ngakhale Botswana inadzasankha njira ya ku Japan. Tanzania inazimitsa analogi ku Dar es Salaam pa 31 Disembala 2012, ndipo eni mawailesi anadandaula kuti ataya owonera ambiri amene analibe madikoda. Ku Kenya mkangano unali pa funso la amene ayendetse nsanja zonyamula matchanelo onse, pakuti makampani akuluakulu a nkhani sanafune kupereka zoulutsa zawo kwa onyamula awiri amene boma linavomereza, mmodzi wa iwo wolumikizana ndi kampani ya ku China. Mu Febuluwale 2015, khoti lalikulu kwambiri litagamula, NTV, KTN ndi Citizen TV zinada kwa masabata pafupifupi atatu. Ku South Africa zaka zambiri zinathera pa kukangana ngati madikoda a boma akhale ndi luso lotseka matchanelo, e.tv ikufuna, MultiChoice ikukana, mpaka khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula mu 2017. Khoti lomwelo linakananso tsiku lozimitsa la mu 2022 ponena kuti nduna sinafunse anthu mokwanira, m'chaka chomwe okushoni ya mafunde inabweretsera boma marandi oposa 14 biliyoni. M'milandu yonseyi mawu a wowonera wosauka amamveka kudzera pakamwa pa makampani amene ali ndi zofuna zawo, ndipo n'koyenera kukumbukira kuti e.tv ikamalankhula za mabanja otsala mumdima imatetezanso ndalama zake za otsatsa malonda. Komabe kudzikonda kwa wosuma sikuchotsa mabanjawo pamene ali.

Amene anagula dikoda ankauzidwa kuti ndi ndalama yolipira kamodzi, koma sizinakhale choncho ponseponse. Msonkhano wa ITU wa 2007 unatsegulira mafoni mafunde a 800 MHz, ndipo wa 2012, mokakamizidwa ndi maiko a ku Africa ndi a Aluya amene ankafuna intaneti ya pafoni kumidzi, unawonjezera a 700 MHz, kotero kanema anapanikizidwanso kachiwiri. Ku Switzerland wailesi ya boma inasiyiratu kuulutsa dijito kudzera pa eriyo mu Juni 2019, ponena kuti ogwiritsa ntchito njirayo ndi ochepa. Ku Germany, kusintha kupita ku DVB-T2 mu Malichi 2017 kunachititsa kuti madikoda akale asiye kugwira ntchito, ndipo matchanelo akuluakulu omwe si a boma, amene anthu ankawonera ulere pa eriyo, anatsekedwa n'kuyamba kufuna malipiro a pachaka.