Kutentha ndiko kunaimitsa liwiro la kompyuta

Mu 2004 kampani ya Intel inatulutsa purosesa (kachipangizo kowerengera m'kompyuta) ya Pentium 4 yothamanga pa 3.8 GHz (GHz imodzi ndi kugunda ka 1 biliyoni pa sekondi), ndipo chaka chomwecho inasiya kupanga purosesa ina yotchedwa Tejas, yomwe inkayenera kuthamanga kuposa apo. Padutsa zaka zoposa 20, koma mapurosesa ambiri lero akadali pakati pa 3 ndi 6 GHz. Chinawatsekereza ndi kutentha.

Transistor (kaswitchi kakang'ono kwambiri ka mu purosesa) iliyonse ikayaka n'kuzima imadya magetsi pang'ono, ndipo onsewo amasanduka kutentha. Kale vutoli linkapepuka lokha, chifukwa pochepetsa transistor ankatsitsanso voltage (mphamvu yokankha magetsi), kuchoka pa 5 volts mpaka pafupifupi 1. Apa m'pamene zinakanirira. Mukatsitsa kupitirira apo, transistor sizimanso kwenikweni, magetsi amangodontha ngakhale isakugwira ntchito. Komanso kansalu kotchinga magetsi pachipata chake (mbali yoyatsira ndi kuzimitsira transistor) kanali katapyapyala kufika pa 1.2 nanomita, maatomu ngati asanu okha, moti ma elekitironi ankangodutsa. N'chifukwa chake opanga anayamba kuika ma core (timapurosesa ting'onoting'ono) angapo pa chip imodzi m'malo mothamangitsa imodzi.

Malire enieni a chilengedwe alipo. Mu 1961 Rolf Landauer wa ku IBM anaonetsa kuti kufufuta bit imodzi (0 kapena 1 wosungidwa m'kompyuta) sikungatheke popanda kutulutsa kutentha. Koma makina athu amawononga kambirimbiri kuposa mlingo umenewo, ndiye sitinganene kuti tafika pakhoma.

Kumene magetsi akutayika kwambiri ndi panjira. M'kompyuta wamba, purosesa ili pano ndipo memory (mosungira manambala) ili uko. Kukatenga nambala imodzi ku DRAM, memory yaikulu ya kompyuta, kumadya mphamvu yochuluka maulendo mazana kuposa kuiphatikiza ndi inzake. Zili ngati wophika amene amapita kumjigo kukatunga kapu imodzi nthawi iliyonse akafuna madzi. Ngakhale kuwala kumayenda masentimita 30 okha pa nanosekondi imodzi (gawo limodzi mwa magawo 1 biliyoni a sekondi), choncho mtunda uliwonse umadyanso nthawi.

Njira imene ndimaiona kuti ili ndi tsogolo ndi yosunga ndi kuwerengera pamalo amodzi, monga umachitira ubongo, umene umagwira ntchito ndi mawati pafupifupi 20. Chip ya TrueNorth, imene IBM inatulutsa mu 2014, inali ndi timagawo 1 miliyoni totsanzira maselo a ubongo, ndipo inkadya pafupifupi 70 milliwatts. Kagawo kalikonse kamakhala phee mpaka katalandira uthenga. Chovuta chake n'chakuti mapulogalamu amene tili nawo sayenda pa chip yotereyi, ayenera kulembedwa mwatsopano, ndipo imachita bwino pozindikira zithunzi ndi mawu, osati powerengera ndalama za kubanki.