Kusaka mbalame pa Chilwa ndi m'nkhalango ya Zomba: mafunso ndi mayankho

Chiyambireni mvula, ku ofesi kwathu sikukutha anthu ochokera ku doko la Kachulu ndi ku chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Amva kuti boma latseka nyanja, ndipo wopezeka ndi mbalame akagwira ndende zaka 30. Nawa mayankho athu.

Kodi nyanja yatsekedwa?

Osati kotheratu. Chilwa si paki yoletsa anthu kulowamo.

Nanga za Ramsar zikutanthauzanji?

Ndi mgwirizano wa mayiko woteteza madambo, womwe Malawi adalowamo mu 1997. Chilwa ndiye idayamba kulembedwa, dambo la Elephant Marsh nkutsatira mu 2017. Mgwirizanowu suletsa usodzi, ulimi wa mpunga kapena kumweta njedza, bola zichitike mosawononga. Pa nyanjayi pali mitundu ya mbalame yoposa 150, ndipo zina zimachokera kutali ku Ulaya kuthawa chisanu.

Ndimasonkha ku kalabu ya alenje. Ndikufunikanso chiphaso?

Apa mpomwe pali mkangano, ndiye tiyankha mosamala. Chopereka cha ku kalabu ndi cha kalabu, sichilowa m'malo mwa chiphaso. Lamulo la nyama zakutchire lili ndi chiphaso chakechake cha mbalame, ndipo amapereka ndi a nthambi ya malo osungira nyama, osati komiti kapena mfumu. Ena amati msampha wa ulusi kapena ulimbo si mfuti, choncho sizikuwakhudza. Musadalire zimenezo musanafunse, chifukwa zimatengera mtundu wa mbalame, malo ndi nyengo. Komanso chiphaso sichikulolani kulowa m'malo omwe makalabu adapatula kuti mbalame ziziswana, kapena kutola mazira m'zisa za tsekwe ndi chipweyo. Za zaka 30 zilimodi m'lamulo lomwe lidakonzedwanso mu 2017, koma ndi chilango chachikulu kwambiri, cha nyama zotetezedwa mwapadera monga njovu ndi ngaka. Woweruza ndi khothi, osati ife. Ndipo wina akakuuzani kuti mupereke ndalama popanda lisiti, musapereke.

Mbalame zatha mpunga wanga. Mundilipira?

Tikudziwa kuti zimawawa, koma ofesi ino ilibe thumba la chipukuta misozi. Kuingitsa ndi zitini kapena legeni palibe akukuletsani. Kuthira mankhwala m'madeya ndi mlandu: amafa ndi akakowa ndi nkhwazi zomwe, ndipo nyama yake imakathera pa msika, nkudyedwa ndi ana anu omwe.

Bwanji mumalimbana ndi mwana wotchera ulimbo ku phiri, pomwe matumba a makala akutsika masana?

Dandaulo ili talimva, ndipo sitinganene kuti ndi labodza. Alonda ndi ochepa. Komabe lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kusaka m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo, kaya ndi kambalame kakang'ono. Pa phiri la Zomba pali kambalame ka khosi lachikasu, Yellow-throated Apalis, komwe sikapezeka dziko lina koma m'mapiri a kumwera kwa Malawi kuno.

Kodi nkhalango ikukhudzana bwanji ndi alenje a kunyanja?

Mitsinje ya Likangala ndi Domasi imachokera ku mapiri a Zomba kukathira mu Chilwa. Mitengo ikatha, mitsinjeyi imabweretsa matope m'malo mwa madzi a chilimwe. Nyanjayi idaphwa mu 1995 ndi mu 2018, ndipo matemba akasowa, asodzi ambiri amatembenukira ku mbalame.

Chiphaso ndi ndalama zingati?

Mtengo umasintha. Funsani kaye ku nthambi ya malo osungira nyama musanawononge ndalama ya kabaza.